Lachisanu la Che Ibrahimu

Lachisanu, 1 Ogasiti
Pochoka ku mzikiti, molunjika pa wayilesi yoyankhulirana ya malemu ababa. Che Ibrahimu, mnzawo wa ku Tanzania, anaitananso. Chaka chachitatu tsopano akuwaitana Lachisanu lililonse 2 koloko, osadziwa kuti tinawaika. Kuyankha sindingathe. Chotumizira mawu chinapsa kalekale, chatsala chomvetsera chokha. Kalata yanga yowadziwitsa inabwerera. Lero ndangomva "Hafiz, Hafiz," dzina la ababa, kenako phokoso. Shafi wa kuseri kwa mpanda waimika mlongoti woyankhulira ndi maboti ake.

Lachisanu, 8 Ogasiti
Shafi amalowa m'wayilesi ngati wakhala pampando wangawu. Usipa, petulo, injini. Ndinakweza mphamvu yokokera mawu mpaka kumapeto, zinangoipiratu. M'pamene ndinakumbukira ababa: "Wapafupi akamakuwa, tsitsa mphamvu. Khutu lodzadza silimva." Ndinatsitsa. Sefa ya mawu ndinaipanikiza kuti pangotsala kanjira kakang'ono. Kamluzu kena ndinakadula ndi batani lakumanja, lija chala chawo chinasupula utoto. Che Ibrahimu anamveka, chapansipansi. Akutsokomola kwambiri. Mawu atha, si aja ndinkawamva ndili mwana.

Lachisanu, 15 Ogasiti
Mwera. Boti limodzi la Shafi silinabwere, iye kuitana osapuma. Mabatani onse ndinayesa. Palibe chinadutsa. Ndingamukwiyire bwanji munthu woitana anthu ake? Boti lafika bwino, Alhamdulillah. Koma Lachisanu langa lapita.

Lachitatu, 20 Ogasiti
Zakia, mayi a kunyumba, akuti batani lalikulu ndi miyendo yanga, ndipite ndikamupemphe Shafi azizimitsa yake 2 koloko. Manyazi. Ndikanena kuti chiyani?

Lachinayi, 21 Ogasiti
Ndapita. Ndinamupeza akusoka ukonde wa chilimira. Anaseka kaye: "Achimwene, zaka zonsezi kumvetsera munthu osamuyankha?" Nditafotokoza anasiya kuseka. Wandipatsa theka la ola, akuti nyanja ikakhala bata.

Lachisanu, 22 Ogasiti
Bata. Shafi wasunga mawu ake, 2 koloko yeniyeni anazimitsa. Zii. Sefa ndinaitsegula yonse, mphamvu kumapeto. Wayilesi sinayerepo chonchi. Ndinamva Chipwitikizi chakutali, wina akuwerenga manambala m'Chiswahili, ngakhale mphezi za dziko lina. Che Ibrahimu ayi. Ndinasuntha singano pang'ono kumanzere, kumanja, mwina asochera. Zakia anaima pakhomo. Shafi anawonjezera mphindi khumi yekha, ndisanamupemphe, kenako anayamba kuitana maboti.

Kudula phokoso ababa anandiphunzitsa. Batani lodula zii ameneyu sanandisonyeze.