Subira Sanasinthe Dzina

Zandspruit, Joni
19 Juni 2016

Achimwene Che Binali,

Asalamu alaikum. Dzina lanuli papita zaka zambiri ndisanalilembe, moti dzanja likuchita kulemera. Muli bwanji ku Ntaja kuko? A Mbaraka, oyendetsa basi amene akupatseni kalatayi, anandiuza kuti maso akukuvutani. Mulungu akupepuzeni. Ine kuno ndi chifuwa cha ku mgodi chomwe chija. Chisanu chaka chino chabwera mwaukali, ndipo m'nyumba za malata zathuzi mphepo imalowera paliponse. Adokotala sanandibisire, akuti mapapo atha. Ntchito ya m'maluwa ku Rosebank ndinaisiya mu Epulo, ndipo Ramadhani ino ndalephera kusala.

Ndalemba chifukwa cha Subira, mdzukulu wa mlongo wathu Mwanahalima. Subirayo, akulira, anaimbira foni mwana wanga wamkazi Ilham. Akuti anasankhidwa kukaphunzira zamakompyuta ku koleji ya ntchito zamanja, ndipo fomu ikufuna womuyang'anira asaine Julaye asanathe, apo ayi malowo apatsa wina. Mwanahalima sangasaine mokudumphani inu mwini mbumba. Koma inu mwakana. Akuti pamene ankakuwerengerani pepala la ku kolejilo munamva pamwamba pali suzie97, ndiye mwagamula kuti mwanayu wasintha dzina, akutuluka Chisilamu.

Nditamva zimenezi ndinakhala pansi, achimwene. Mawu ake ndi omwe aja.

Mwina inu munaiwala chaka cha 1963. Ndinali Sitandade 4 ku sukulu ya mishoni. Aphunzitsi ankapatsa ana achisilamu mayina a m'Baibulo polemba m'kaundula, ine nkundigwera la Abednego. Sindinalipemphe. Ndikaweruka ndinkathamangira ku madrasa ndili Cassim yemweyo. Inu munapeza kope langa, simunandifunse kanthu, munalinyamula mpaka ku mzikiti tsiku la Ijumaa ndi kuuza bambo pamaso pa anthu kuti ndabatizidwa. Bambo analiponya pamoto. M'kope limenelo munali masamu amene ndinakhoza onse, woyamba kalasi yonse.

Kuchokera pamenepo linali khasu, kenako Wenela, kenako pansi pa nthaka. Ku komponi ya ku mgodiko ndinkalembera anzanga makalata ndi makalasi anga anayiwo. Atafuna kalaliki, amene kuno ankati mabalani, anandiyesa ndipo ndinakhoza, koma anafunsa pepala la sukulu. Ntchitoyo anapatsa wina, ine ndinabwerera ku fumbi limene likundiphali. Usiku ndi usana ndikatsokomola ndimakumbukira kope lija.

Koma ndisadziyeretse. Ilham atanena kuti akufuna kukaphunzira zamakompyuta ku Midrand, inenso ndinakana. Ndinati imeneyo ndi ntchito ya amuna, apite ku zosoka. Malemu mayi ake, Hlengiwe, amene nkhani ya kope ankaidziwa bwino, anangondiyang'ana nkunena kuti, "Kodi nawenso wasanduka Binali?" Mawa lake ndinamuperekeza mwanayo ndekha.

Sizinali zophweka. M'kalasi mwawo atsikana analipo anayi okha pakati pa anyamata ambirimbiri, ndipo awiri anasiyira panjira. Anyamatawo ankawatuma kukapanga tiyi, makina akawonongeka nkumati awononga ndi akazi. Ilham ankabwera maso ali psuu, koma m'mawa nkudzukanso. Lero amayala mawaya m'madenga a maofesi ndi kukonza makompyuta akafa. Amavala mpango wake, chipewa cholimba cha ntchito pamwamba. Akuti mpaka pano akafika pakhomo ena amamufunsa kuti, sisi, nanga wokonza makina ali kuti? Iye amangoimika makwerero nkukwera. Swala yake sadumphitsa, amayala kansalu kopemphererapo m'chipinda cha makina momwemo. Mwezi uno wosala m'nyumba muno ndi iyeyo, ine ndikumwa mankhwala.

Ndinamufunsa Ilham za Suzie ameneyu. Anaseka mpaka misozi, kenako atandiona nkhope anasiya. Akuti limenelo si dzina, ndi adiresi yolandirira makalata pa kompyuta, yomwe amati imelo. Subira atalemba dzina lake makina anamuuza kuti a Subira ena analitenga kale, ndiye mnzake wa kusukulu anangomulembera lina lofupika kuti fomu ipite. Ine ndinamvetsa msanga. Ku mgodi ndinali ndi nambala pamkono, akapitawo ankandiitana ndi nambalayo zaka zonse, koma sinandichotse Chisilamu. Ngakhale Abednego sanandichotse. Chimene chinandichotsa pa sukulu ndi pakamwa panu.

Ndikudziwa kuti munkaopa, ndipo masiku amenewo ana ena ankatembenukadi. Panonso mukuopa, mwana wamasiye wamkazi kupita kutali kukaphunzira zinthu zimene inu ndi ine sitingazigwire. Mantha amenewo ndimawadziwa. Koma nthawi ija simunandifunse. Subirayu mufunseni. Ndikuganiza kuti ndi iye amene akukuwerengerani kalatayi, ali pafupi pomwepo.

M'katundu amene a Mbaraka anyamula muli bulangeti lanu, nsalu ya Mwanahalima, ndi kompyuta ya m'manja imene Ilham anaitola yakufa nkuidzutsa. Imeneyo ndi ya Subira. Musaitsekere m'sutikesi.

Mundiperekere moni kwa mlongo wathu, kwa alamu anga, kwa ana anu ndi adzukulu onse. Ilham akuti moni kwa abambo aakulu amene sanawaonepo.

Sindikupempha kuti mupepese, nthawi yake inapita. Sindikupemphanso kuti mtembo wanga udzabwere kumudzi, adzandiika konkuno pafupi ndi Hlengiwe. Ndikufuna chinthu chimodzi ndisanatseke maso. Mukwere minibasi ndi Subira inu mwini, mukafike naye ku kolejiko, mukadinde chala chanu pa fomuyo. Akakufunsani dzina la mwanayo, mukalitchule nokha. Kenako Subira ajambule pepalalo atumize pa foni ya Ilham, ndidzaone chala chanucho.

Ndine mng'ono wanu,
Cassim,
amene m'kaundula muja ndikadali Abednego, Sitandade 4.