Tsiku Limene Ndinati Ndine wa ku Canada

Loweruka, 2 Malichi

Matikiti afika pa foni. Basi, palibenso zobwerera m'mbuyo. Lolemba tikukwera ndege ya ku Mexico, ine ndi amuna anga a Wendell, kukapempha mwana wa eni, Itzel, kuti akwatiwe ndi Curtis wathu. Kwawo kwa Itzel mwambo wake ngwakuti makolo a mnyamata afike iwo eni pakhomo, apemphe ndi pakamwa pawo, ndipo bambo a mtsikana akhoza kukana. Curtis wandiuza katatu konse kuti a Fermín, bambo ake a Itzel, akakana, Itzel sangawadumphe. Tsiku lake ndi Loweruka likudzali.

Curtis wafika zaka 34 asanapeze munthu. Tikakamuwonongera ifeyo, ndidzamuyang'ana ndi maso ati?

Zaka 61, sindinatulukepo mu Amerika. Kutali kwanga ndi ku Florida.

Lamulungu, 3 Malichi

Ndinalakwa kuonera mafilimu aja. Mwezi wathunthu ndakhala ndikuonera za anthu akwathu akapita kunja, ati ndiphunzirepo. Chomwe ndaphunzira ndi mantha basi. Filimu iliyonse munthu wa ku Amerika ndi yemweyo: kabudula, masokosi oyera, kamera ili lendee pamimba, kukalipira woperekera chakudya ngati kuti ukafuula Chingerezi chimasanduka Chisipanishi. Eni dziko kumbuyo kwake akutsinana, ena akulavula. Apo ayi ndi wopusa uja wokwera galimoto ya anthu osawadziwa, osadzaonekanso.

Ndiye polowa kuchipinda ndapeza amuna anga a W. ali pagalasi. Shati ya maluwamaluwa, kabudula, masokosi oyera mpaka m'mawondo. Mayo ine! Filimu yatuluka mu TV yadzaima m'nyumba mwanga. Ndawauza kuti shati imeneyo ikakwera ndege ine nditsala. Iwo kuseka, ati anthu aja akufuna kuona makolo a Curtis, osati anthu opita kumaliro. Ndaitulutsa m'chikwama ali kubafa.

Kutchalitchi mnzanga Bernadette wandipatsa kansalu ka mbendera ya Canada, ka tsamba lofiira kaja. Akuti mwana wake popita ku Ulaya anakasokerera pachikwama, ndipo kulikonse ankamulandira ndi manja awiri, poti a ku Canada sadedwa ndi munthu. Ndakasokerera pa kachikwama kanga ka m'manja. A W. sanaone.

Lolemba, 4 Malichi

Tafika. Miyendo yatupa ngati mitsamiro. Shati ija ili pathupi pa eni ake, anaibweza ine ndili mtulo. Moni umene apereka kwa woyendetsa takisi waimitsa anthu pabwalo lonse la ndege. Ndawatsina, ndati bambo, kwa eni kulibe mkuwe. Ati ndiwasiye.

Curtis watisiya pa kahotela kam'tauni ya kwawo kwa Itzel. Waonda ndi nkhawa mwana wanga. A kuchikazi sitionana nawo mpaka Loweruka, ndiwo mwambo wake.

Lachiwiri, 5 Malichi

Ndachita chinthu. Mwina si kanthu. Ndilembe kaye.

Curtis anatipatsa mndandanda wa zokagula zoti tidzanyamule Loweruka: dengu, buledi, chokoleti, zipatso, ndi kandulo imodzi yaikulu. Iye anali ndi zina, ndiye kumsika tinapita awiri. A W. ngati mwana wotsekulidwa kusukulu. Chilichonse awapatsa alawa, aliyense amugwira chanza, Chisipanishi chawo cha mawu anayi akuchimwaza paliponse. Ine pambuyo, kachikwama ndakakumbatira pachifuwa. Ndimaona ngati msika wonse ukutiseka. Mayi wina anandipatsa chidutswa cha chipatso, ndinapukusa mutu. M'mafilimu wodya za pamsika amathera kuchimbudzi.

Pa benchi ya makandulo panali mayi wamfupi, wa msinkhu wanga, wa dzino lagolide. Atangondiona anasiya zonse, natuluka kuseri kwa benchi manja ali tambasu, akumwetulira.

"Amerika? Ohio?"

Wadziwa bwanji kwathu? Mmenemu ndi mmene zimayambira: munthu wosamudziwa akudziwa za iwe, kenako galimoto yaima pambali. Ndinatembenuza kachikwama, ndinaloza tsamba lofiira lija.

"Ayi. Canada."

Manja aja anagwa. Anandiyang'ana, anayang'ananso kumene kunali a W., omwe nthawiyo anali kutali akulimbana ndi tsabola. Anabwerera kuseri kwa benchi, nandikulungira kandulo.

Mwina si kanthu.

Lachitatu, 6 Malichi

Curtis amayenera kudzadya nafe masana. Sanabwere. Foni sakuyankha.

Ndadutsa pa golosale yapakona, amayi awiri omwe amacheza angoti zii. Nditapitirira ndamva liwu limodzi lokha lomwe ndingalizindikire: Canada. Chakudya chandikanika. A W. akuti ndi kutopa kwa ulendo, adya mbale yanga yomwe.

Lachinayi, 7 Malichi

Kalanga ine.

Curtis wabwera m'mawa, wakana kukhala pansi. Mayi wa makandulo uja ndi mayi Chabela, akulu awo a mayi ake a Itzel. Chithunzi changa ali nacho pa foni, Itzel anawatumizira chaka chatha. Sabata yonse akhala akudikira kuti akhale oyamba kundikumbatira. Ndipo ine ndinawaloza tsamba.

Nkhani inafika kwa a Fermín tsiku lomwelo. Akuti zilipo ziwiri: kaya mnyamatayu anatinamiza za kwawo, kaya mayi ake akuchita nafe manyazi, safuna kudziwika kuti abwera kwa ife. Zonsezo ndi zoipa. Anenanso kuti munthu wokana kwawo pamsika sangavutike kudzakana mpongozi wake. Za Loweruka akuti tidikire kaye. Curtis akuti kuno "tidikire kaye" ndi mbale wake wa "ayi". Itzel walira usiku wonse.

Ndinayesa kufotokoza za mafilimu, za Bernadette, za mantha. Mawu amatuluka opusa ngakhale m'makutu anga omwe. Mwana wanga anangondiyang'ana.

"Amayi, mwandikana pamsika."

Sanakalipe. Bola akanakalipa.

A W. anatenga kachikwama kaja, anayang'ana mbendera, anakabweza patebulo. Zaka 38 ndakhala ndikuwapempha kuti atsitse mawu. Lero atsitsa, akhala chete tsiku lonse, ndipo ndikuopa kwambiri kuposa kale. Madzulo ndi pamene anena chinthu chimodzi, kuti mayi Chabela omwewo dzulo anakumana nawo panjira, anawafunsa ndi manja ngati ine ndikudwala. Ngakhale nditawachita zimenezo, amandidera nkhawa.

Ine amene ndinabwera kudzalonda a W. kuti asatichititse manyazi! Iwo ndi shati yawo theka la msika likuwatchula dzina. Wa m'filimu ndakhala ine.

Kansalu kaja ndakasomola ndi lumo. Kusomolako sikunachotse kanthu.

Curtis akuti ndisapiteko, ndingoonjeza moto. A W. akuti tipite tonse. Ayi. Bodza ndinanama ndekha.

Lachisanu, 8 Malichi

Ndalemba izi nditangobwerako.

Ndinadzuka m'mawa a W. akadali mkonono. Wa pahotela anandijambulira njira papepala: kudutsa tchalitchi, kukwera chitunda, geti lobiriwira. Ndinayenda ndekha. Galimoto iliyonse ikachepetsa liwiro ndimasunthira kutali ndi msewu. Ina yoyera inaimadi pambali panga, ndinatsala pang'ono kukuwa, koma anali bambo wogulitsa madzi akutsitsa zigubu. Sanandiyang'ane n'komwe. Nkhalamba yopusa ine.

Geti anatsegula Itzel, maso ali psuu. Anadzidzimuka, koma anandilowetsa. Pabwalo lamkati panali mayi ake, mayi Otilia, ndi mayi Chabela akuchotsa njere za tsabola wouma. A Fermín anali pampando chapatali akukonza wailesi. Bambo wowonda, wa imvi, wosaphethira. Palibe anandipatsa mpando.

Ndinamupempha Itzel kuti amasulire zonse, asakometse kanthu. Ndinati dzina langa ndi Darlene, ndine wa ku Ohio, ndinabadwira konko, ndayendetsa basi ya ana a sukulu zaka 26. Curtis sananame chilichonse, wonama ndine. Ndinati ndinaonera mafilimu ambiri osonyeza anthu akwathu ali opusa, aphokoso, onyoza eni dziko, ndipo ndinaopa kuti mukandiona mudzaona munthu ameneyo, n'kumukana mwana wanga chifukwa cha ine. Ndinanenanso zovuta kunena zija, kuti mafilimu omwewo anandiphunzitsa kuopa inu, ndipo mayi Chabela atatambasula manja ine ndinaona wakuba anthu. Pamenepo Itzel anaima, anandiyang'ana. Ndinati masulira. Anamasulira.

Mayi Chabela anaika dzanja pakamwa. Sindinadziwe ngati akulira kapena akuseka, ine misozi inali itatsika kale. Ndinati sindinachite nanu manyazi, ndinachita manyazi ndi ine mwini. Mukafuna kukana kanani ine, ndikwera ndege mawa lomwe, ku ukwati sindidzaonekako. Koma mnyamata uja musamulange.

Nkhuku inkapalasa pabwalo. A Fermín anapitiriza kumanga kasikuluwu ka wailesi mpaka kanalimba, ine ndili chiimire. Ndinadziwa kuti zatha. Ndinayamba kuganiza mawu okamuuza Curtis.

Kenako anayankha, osadzera mwa Itzel. M'Chingerezi chomveka bwino.

"Ndinagwira ntchito kwanu, mayi. Fakitale ya nyama, ku Nebraska, zaka zisanu ndi chimodzi. Mafilimu anu ndinawaonera. Munthu wa ku Mexico mmenemo amakhala ndani?"

Tonse timadziwa. Wakuba, wa mfuti, wogona pansi pa chipewa.

"Mwini nyumba yomwe ndinkachita lendi anandifunsa kwathu tsiku loyamba. Ndinati Spain." Anaika wailesi pansi. "Zaka zisanu ndi chimodzi ndinali wa ku Spain. Amayi anga atamwalira kuno ndinalira chitseko chili chotseka, kuopa kuti angandifunse kumene kuli maliro."

Itzel anangoti kakasi. Mayi Otilia anamukoka mkono kuti awauze zomwe zanenedwa, ndipo atamva anawayang'ana amuna awo nthawi yaitali. Zikuoneka kuti m'nyumba imeneyo palibe ankadziwa. A Fermín sanayang'ane aliyense. Anaimirira, anapukuta manja pa buluku, ananyamula mpando womwe anakhalirawo nadzauika kumbuyo kwanga.

"Mawa mubwera anthu angati?"

Ndinati atatu.

"Folo koloko. Musachedwe, asewere."