Novela yalowerera mapemphero a apongozi

Lachinayi. Kwatentha ngati m'ng'anjo, koma thukuta langa la lero si la dzuwa.

Dzulo bambo a Zito anabwera ndi mmisiri kuti dikoda yathu imodzi izionetsa pa TV ziwiri, ya pabalaza ndi ya kuchipinda kwathu. Dikodayo anaiika kuchipinda, chingwe n'kuboola nacho khoma. Palibe anandiuza kuti chimene wasankha kuno ndi chomwenso chikuoneka uko.

Popita ku Moatize m'mawa, bambo anasiya TV pa mapemphero, poti apongozi anaitana amayi anzawo a kutchalitchi. Ine ndinati mutu ukuwawa, ndinakagona. Nditangotseka chitseko ndinatenga komando yosinthira matchanelo, n'kuika novela yanga, sewero lachikondi la ku Brazil. Ndinapeza mwamuna wa mwini akupsompsona chibwenzi, malaya ali pansi.

Pabalaza kuimba kunadukira pakati. Kenako mawu a novela omwewo anamveka kuseri kwa khoma. Mayi ine! Ndinabwezera msanga kwa abusa.

Gogogo pachitseko. Apongozi, ali mu yunifomu yawo yoyera.

"Amake Zito, mutu wapola?"

"Pang'ono, amayi."

"Ndiye tabwezerani paja. Tikufuna tione ngati mkazi wake awapezerere."

Taonera mpaka kumapeto, iwo uko, ine kuno. Mpaka pano sindikumvetsa. Pa khoma lomwelo ndawamva apongozi akufotokozera anzawo nkhani yonse, aliyense wa m'novelamo kumutchula dzina. Munthu amene amati zimenezi n'za Satana, anayamba liti…