Nyumba Yoyamba Imene Tinafolera

Dera la Zemba,
Chadiza.
15 Okutobala 1977

Alongo anga a Yoweli,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu ku Luanshya kumeneko, inu ndi alamu anga a Idesi pamodzi ndi ana. Nanga ntchito ya pansi pa mgodi ikukusungani bwanji? Ine kuno thupi lili bwino. Dzuwa ndilo lakwiya, zitsime zayamba kuphwa, ndipo anthu ali kalikiliki kusosa minda.

Lero ndi Loweruka, ndipo chiyambire m'mawa ndakhala pa tebulo pano kanayi n'kuimiriranso. Ndasesa pabwalo posesa kale. Kalata ino muiwerenge muli nokha, ndipo mukakwiya pakati, chonde mufikebe kumapeto.

Pa tchuthi cha Ogasiti aphunzitsi tinaitanidwa ku boma ku semina ya masiku asanu. Anatiphunzitsa ainsipekitala awiri ochokera ku Chipata. Mutu wa nkhani yawo unali wakuti sukulu isakhale mlendo pakati pa midzi. Anati munda wa sukulu umene tili nawo kale sukwanira. Ana azituluka kukagwira ntchito yothandiza mudzi, aziyeza ndi masamu zimene akuchitazo, azifunsa akuluakulu mafunso, ndipo akabwera azilemba chimangirizo. Anatsindikanso kuti ntchitoyo asamasankhe ndi aphunzitsi, azisankha makolo.

Ine nkhaniyo inandilowa. Ndinaimirira n'kulankhula kwambiri za umunthu ndi za nkhalamba zoiwalika, mpaka holo yonse inandiombera m'manja. Titabwerera, ahedi athu a Wadson Mbewe anati popeza pakamwa ndi panga, ntchito nayonso ikhale yanga ndi ana anga a Giredi 7.

Komiti ya makolo inakumana m'kalasi mwanga, akuluakulu atapanikizika pa madesiki a ana, mawondo ali m'mwamba. Panali a Ezara, aja munkapita nawo kodula nsungwi, amene tsopano ndi wapampando wa nthambi ya Chipani. Panalinso amai Olipa a kumpingo kwathu ndi ena anayi. Anagwirizana kuti mvula isanagwe, ana athandize kufolera nyumba za nkhalamba zopanda wozisamala. Ine ndinaima pa bolodi, choko chili m'manja, n'kufunsa kuti tiyambire kwa yani.

Kenaka a Ezara, akuyang'ana pansi, anati kutsidya kwa dambo, njira ya ku Pembamoyo, kuli mai wina amene denga lake linagwa mbali imodzi dzinja lapita. Anati amagona pakona imodzi yokha pamene sipadontha. Anati ana ali nawo awiri, wina ku migodi, wina wophunzira kwambiri. Ndipo anatchula dzina: a NaBanda, mkazi wa malemu a Yosiya.

Alongo, ndinalemba dzina la amai athu pa bolodi ndi dzanja langa, makolo onse aja akundiyang'ana msana.

Tsopano mumve chimene ndakubisirani. Zaka ziwiri zonsezi ndakhala ndikukulemberani kuti ndimapita kwa amai mwezi ndi mwezi, kuti ali bwino, kuti akupereka moni. Zonsezo zinali zabodza. Chimwalirireni atate, phazi langa silinaponde pabwalo paja kufikira sabata ziwiri zapitazi.

Inu munafika maliro atatha masiku asanu, ndipo ndinakulemberani kuti ndinachoka msanga chifukwa cha mayeso. Sizinali choncho. Mukudziwa kuti atate anali munthu wa gule, ndipo anzawo anabwera kudzawaperekeza mwa mwambo wawo. Akulu a mpingo anali atandichenjeza kale kuti ndikakhala pamenepo andichotsa pa Mgonero. Ng'oma zitayamba, ndinanyamula chikwama changa thupi lisanatuluke m'nyumba.

Amai anandithamangira mpaka pa mphambano. Anagwira chitenje changa n'kundipempha kuti ndilowe m'nyumba, nditseke chitseko, nditsinzine ngati ndifuna, koma ndisachoke atate asanaikidwe. Ine ndinachotsa dzanja lawo chala chimodzichimodzi. Pamenepo anati ngati ndapita, ndipitiretu.

Ndinapitiratu. Ngakhale pamene anandisamutsira kusukulu ino chaka chatha, ulendo wa ola limodzi ndi theka kufika kwathu, sindinapite. Bulangete la amai lija munatumiza ndi anzanu a Wiseman linakhala m'bokosi mwanga ndi pepala lake lomwe. Kupita nalo ndinkaopa. Kutumiza wina ndinkachita manyazi, poti akanandifunsa kuti miyendo yanga ili kuti.

Tsiku la ntchito linali Lachisanu lomaliza la Seputembala. M'mawa mwake ndinapita kwa ahedi kunena kuti mutu ukundipweteka, atume mphunzitsi wina. Anandiyang'ana n'kunena kuti amene anaomberedwa m'manja ku boma ndine, osati wina. Tinanyamuka, ine ndi ana makumi atatu ndi anayi, aliyense atasenza mtolo wa udzu umene makolo anamweta.

Simungapazindikire pakhomo paja. Nkhokwe inapendekeka, chiswe chadya nsichi zake. Mtengo wa malalanje uja atate anabzala unauma. Amai anali pakhonde, atatha ngati munthu wodwala nthawi yaitali. Koma choposa zonse ndi maso awo. Onse awiri ayera ndi ng'ala. Pothira madzi m'chikho amaika chala mkati kuti amve pamene afika.

Ndinagwada patsogolo pawo n'kunena kuti amai, ndine Lonia. Anatembenuza mutu. Ndinaona pakamwa pawo kuti mawu anga awadziwa. Kenaka anaitana mwana wina n'kumuuza kuti alowe m'nyumba atengere aphunzitsi mpando, chifukwa alendo sakhala pansi.

Tsiku lonse ndinali aphunzitsi. Aphunzitsi mwayenda bwanji, aphunzitsi imwani madzi, aphunzitsi pepani nyumba ndi yauve. Akanandilalatira bwenzi zili bwino.

Ntchito yokha inayenda. A Ezara ndi amuna ena awiri anakwera padenga kusintha mapaso ovunda, anyamata akuwaponyera udzu ndi luzi. Atsikana anatunga madzi n'kuzira m'nyumba ndi pakhonde. Ena anayeza nyumba ndi chingwe n'kuwerenga mitolo, monga anatiphunzitsira ku semina. Ine ndinkangozungulira nyumba, ndikuwongola zowongoka kale, kuti ndisakhale pampando uja.

Atatha, ana anakhala pansi mozungulira amai kuti afunse mafunso. Mafunsowo ndinawalembera ndekha pa bolodi sabata yapitayo, komiti isanatchule dzina la munthu. Munabadwira kuti? Kale munkalima chiyani? Ana muli nawo angati? Funso lachitatulo ndinali nditaliiwala.

Analiwerenga ndi Fainesi, mtsikana wanzeru kuposa onse m'kalasi mwanga. Kwawo ndi ku Zemba kwenikweni, ndipo sankadziwa kanthu. Ana a m'mudzi mwathu anazyolika onse nthawi imodzi.

Amai sanachedwe kuyankha. Anati anabereka asanu. Atatu ali kumanda. Wachinayi nayenso ali pansi pa nthaka, koma ndi wamoyo, akukumba mkuwa. Wachisanu anamutumiza kusukulu ndi nsawa za m'munda uli kuseriwu, iwo zaka zisanu ndi ziwiri akudya ndiwo zopanda nsinjiro, ndipo sukuluyo sinamubweze. Fainesi analemba zonse m'kope mwake, mutu uli pansi.

Potsazikana anathokoza ana aliyense pomugwira dzanja. Nditafika ine anati: "Ana anu mwawalera bwino, aphunzitsi. Koma mukamuona Lonia mumuuze kuti kwa amake munthu sabwera ndi gulu."

Lolemba ndinalandira makope makumi atatu ndi anayi. Ambiri analemba za mitolo ya udzu ndi kutalika kwa nyumba. Fainesi analemba masamba awiri. Pomaliza anati iye akufuna kudzakhala mphunzitsi, koma akupempha Mulungu kuti asadzafanane ndi mwana wachisanu wa agogo aja. Munalibe cholakwika ngakhale chimodzi choti ndiikepo cholembera chofiira.

Tsiku lotsatira anabwera akulira, anzake atamuuza. Anapempha kope kuti ang'ambe masambawo. Ndinamuuza kuti awasiye, chifukwa analemba zimene anamva, ndipo anamva zoona. Koma kuyambira pamenepo, ndikaima kutsogolo kwa kalasi kuphunzitsa za makhalidwe abwino, ndimangowauza ana kuti awerenge okha m'mabuku.

Sabata imeneyo ndinanyamuka kawiri titaweruka, ulendo wa kwa amai. Ulendo woyamba ndinabwerera pa dambo. Wachiwiri ndinafika poona denga latsopano lija, ndinamva ngati wina akusinja, ndipo ndinatembenuka ngati wakuba.

Lamulungu lapitali, belu la tchalitchi likulira, ndinatenga bulangete lanu n'kupita ndekha. Ndinawapeza pakhonde pomwe paja. Sindinadikire mpando, ndinakhala pansi. Analipapasa bulangetelo n'kufunsa mwini wake. Ndinawauza kuti ndinu, ndiponso kuti lagona m'bokosi mwanga zaka ziwiri. Iwo anangoti ndiye kuti Yoweli akuganiza kuti amake akufunda. Ndinasowa poyang'ana.

Anakankhira lichero la nsawa kwa ine, tinayamba kusenda zambewu. Tinasenda mpaka mthunzi wa nyumba unafika pa nkhokwe. Kenaka anapisa dzanja m'mbale yanga, napapasa, n'kunena kuti: "Iwe, usasakanize zonyala ndi zambewu. Unaiwala?"

Alongo, mawu akuti iwe amenewo anandigwetsa. Ndinalira ngati mwana, mphuno zonse, ndipo iwo sanandiletse. Sanandigwire, koma sanandiletse.

Pambuyo pake anandiuza zimene akufuna. Choyamba, ndikulembereni zoona zonse. Chachiwiri ndi bona wa atate, mowa uja wowakumbukira. Mpaka lero sunachitike, chifukwa amalume anakana kuti sungachitike ana palibe. Amai anati mwamuna wawo akadali panjira, ndipo iwo sagona mtima uli m'malo.

Ndinawauza zimene ndinamva kwa adokotala a pa kiliniki, kuti ng'ala amachotsa kuchipatala cha mishoni kufupi ndi Chipata, ndipo ambiri amaonanso. Anakana. Anati sapita kulikonse bona asanachitike, chifukwa palibe chimene akufuna kuona pakali pano.

Mukudziwa kuti pa bona wa munthu ngati atate, gule adzatuluka. Lachitatu ndinapita kwa amai Olipa kukafunsa kuti mpingo udzatani. Anati lamulo ndikulidziwa. Adzandiimika pa Mgonero, mwina chaka chathunthu, ndipo Sande Sukulu imene ndimaphunzitsa adzapatsa wina. Anati iwo sangandiikire kumbuyo pa bwalo la akulu.

Koma nditaimirira kuti ndizipita, anandiuza kuti amene anakakamiza a Ezara kutchula dzina la amai pa komiti paja ndi iwowo. Anati akhala akuwatumizira amai ufa ndi mdzukulu wawo chiyambire chaka chatha, ndipo anatopa kundiona ndikuimba kutsogolo Lamulungu lililonse. Anati lamulo lachisanu, lolemekeza atate ndi amai, nalonso lili m'Buku lomwelo. Sindikudziwa ngati ndinawakwiyira kapena ndinawathokoza. Ndinangotuluka.

Ndaganiza, alongo. Ndidzakhalapo. Sindidzamwa, sindidzaomba m'manja, koma ndidzakhala pamphasa pafupi ndi amai kuyambira ng'oma yoyamba mpaka yomaliza. Mpingo umenewu ndiwo unandiphunzitsa kuwerenga, ndipo sindikudziwa kuti ndidzakhala ndani Lamulungu anzanga akupita kutsogolo ine ndili pabenchi lakumbuyo. Nthawi zina ndimati ndalakwa. Pakapita ola ndimati ndinalakwa kale pa mphambano paja.

Pempho langa ndi ili. Bwerani. Amalume akuti chimera aviika sabata yamawa, ndipo mowa udzakhala Loweruka loyamba la Novembala, mvula isanatseke njira. Pemphani tchuthi kwa akapitawo anu, muwauze kuti amai anu sakuona. Ndikudziwa kuti inunso ndinu wa mpingo kumeneko, ndipo sindingakusankhireni pokhala tsiku limenelo. Koma amalume akuti ana onse awiri, ndipo maso a amai akudikira pa mawu amenewo. Zikatha tidzawanyamula tonse kupita nawo kuchipatala.

Ngati mukubwera kudzandikalipira, bwerani mudzandikalipire. Ndakunamizani zaka ziwiri, ndipo inu munkagona mtima uli phee poganiza kuti mlongo wanu ali pafupi. Sindikupempha kuti mundikhululukire m'kalata. Ingomenyani telegalamu ku positi ya ku boma, mawu amodzi okha. Ndidzapalasa njinga Loweruka lililonse kukafunsa.

Ntchito ya ana ikupitirira. Tafolera kale nyumba yachiwiri, ndipo komiti ili ndi mayina ena asanu. Ainsipekitala akuti adzabwera kudzaona, ndipo ahedi akufuna kuti ndikafotokozere aphunzitsi anzanga pa semina ya Disembala mmene tinayambira. Sindikudziwa kuti ndidzayambira pati.

Mulungu akusungeni pansi pa nthaka pamenepo, akutulutseni wamoyo tsiku ndi tsiku. Mundiperekere moni kwa alamu anga, kwa ana anu Manase ndi Agnesi, ndi kwa a Wiseman ngati akadali oyandikana nanu. A Ezara akuti moni.

Moni wa amai sindilemba, chifukwa sanandipatse. Anati kalata ino ndikawawerengere kaye ndisanamate envulopu, amve okha ndi makutu awo. Mawa m'mawa ndikupita nayo.

Ndine mlongo wanu,
Lonia