Nkhani Zanu ndi Ziti, Bambo?

HELMER LINDSKOG, 1911–1974

Bambo, lero zakwana zaka zisanu ndi zinayi chitisiyireni. Tikanakonda kukuuzani kuti kuno zonse zili bwino, koma munkati bodza malo ake ndi m'magazini basi.

Chithunzichi n'cha 1948, chaka chimene munayambitsa magazini yanu ya nkhani zopeka za maulendo a kumwezi ndi kunyenyezi, m'kachipinda kapansi kaja ku Gävle. Anthu ankakusekani. Alamu anu a Sixten akakuonani ankakuwa ali patali, "Alamu, yakumwezi inyamuka nthawi yanji? Mundisungireko mpando wa pawindo!" Inu n'kumangoseka, manja ali bii ndi inki.

Olemba nkhani zoterezi anali osowa. Masamba akaperewera munkalemba nokha n'kuikapo dzina lopeka, kuti owerenga aziyesa kuti muli ndi chigulu. Mayinawo munkasintha ngati malaya, osawalemba paliponse. Ankadziwa zanu ndi Amayi okha, poti ndiwo ankataipa. Ana anufe tinkadzitama kuti zanu sitingazisowe: simunkalephera kuikamo munthu womwa khofi ataluma kachidutswa ka shuga, monga munkachitira inu. Kalanga ife, tapeza kuti pokonza nkhani za eni ake munkathiramonso khofi wanuyo! Koma inunso, Bambo!

Mdzukulu wanu Ylva akufuna kusonkhanitsa nkhani zanu m'buku limodzi. Koma mapepala otchipa aja afiira, ukangotsegula amanyenyeka m'manja. Ndipo Amayi ayamba kuiwala. Lamlungu lililonse mwana wanu Gunnel amawawerengera nkhani imodzi, iwo n'kugamula: "Iyi ndi ya Helmer," kapena, "Aa, iyi ndi ya mphunzitsi wa ku Umeå uja, sukumva kutalika kwake?" Masiku ena amangoyang'ana pawindo. Nkhani zatsala zambirimbiri. Tili ndi mantha, Bambo, sitikuona tulo. Tikuopa kukuvekani za eni ake, tikuopanso kutaya zanu.

Lamlungu lapitali inali nkhani ya munthu wotsala yekha pamwezi, amene tsiku ndi tsiku ankaikira mkazi wake kapu patebulo. Amayi anamvetsera mpaka kumapeto, misozi ili chuchuchu. Gunnel anafunsa, "Amayi, iyi ndi ya Bambo?" Dzina lanu silinawagwedeze n'komwe. Anapukuta m'maso, nakonza tsitsi lawo, n'kufunsa chapansipansi, "Koma ndiye amadziwa kulemba bambo ameneyu. Ali pabanja?"

Taiika pa zanu. Ngati talakwitsa, mutikhululukire.

Mayina enawo akhoza kutithawa, koma lanu lenileni sitidzaliiwala.

Akukulirani akazi anu a Majken, ana anu Gunnel ndi Torsten, mdzukulu wanu Ylva, ndi a Sixten, amene akudikirabe mpando wawo.