Amalume a Suti Yobwereka

Chintheche,
10 Juni 2024.

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino ku Ntcheuko, ndiponso kuti mwendo wa abambo wayamba kupepuka. Kuno kusukulu ntchito ikuyenda. Ndalemba kalata chifukwa ndayesa kawiri kukuimbirani foni, koma ndakhala ndikuidula isanalire.

Mukuwakumbukira a Simeon, amalume ake a Laston, aja anatsogolera anthu odzandifunsira ukwati? Aja a suti yakuda, amene anapemphera mpaka inu munagwetsa misozi, abambo n'kuwapatsa tambala? Loweruka ndinawapeza pamsika wa Mpamba atatsamira njinga ya kabaza, akudikira okwera. Ine, mwana woleredwa ndi inu, ndinagwada pafumbi pomwepo n'kuwapatsa moni. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anagwira pakamwa.

"Mama, dzukani chonde, anthu akuwona," anatero. "Ine Laston si mbale wanga olo pang'ono. Anandipeza pasiteji pompano, akuti tiyeni mukakhale asibweni anga tsiku limodzi. Suti ija ndi yake. Azakhali aja tinabwera nawo kwanu ndi awo apo, akugulitsa usipa."

Ndinacheuka, Amayi. Analidi omwe aja munawayalira mphasa yatsopano. Atangondiwona anadziphimba kumaso ndi chitenje.

Ndinafunsa kuti nanga abale ake enieni a Laston ali kuti.

"Ali ku Sanga," anatero a Simeon, "limodzi ndi mkazi wake ndi ana atatu. Anamulowola bwinobwino."

Dzulo Laston atabwera ndinamufunsa. Ndimayembekeza kuti akana, mwina alira, kaya agwada. Ayi ndithu! Anapitiriza kusenda nthochi yake n'kunena kuti, "Nanga ndikanatani, Susan? Amalume enieni akanakana. Ineyo ndimakukonda." Ndinamutsegulira chitseko kuti atuluke, ndipo sindinakuwe monga mumandidziwira. Chandiwopsa n'choti nkhope yake inali yomweyo ya masiku onse. Zaka ziwiri ndakhala ndikuyiyang'ana, ine amene ndimagwira bodza la mwana wa Sitandade 4 asanamalize kulinena.

Pempho langa nali. Mupite kwa abusa Lamulungu lisanafike, asalengeze ukwatiwu kachitatu. Azimayi anzanu aleke kukonola chimanga. Akakufunsani, munene zowona, chifukwa mabodza atikwana. Ndikudziwa kuti mudzasowa poyika nkhope kutchalitchi, ndipo ndikupepesa kuchokera pansi pa mtima.

Mundiperekere moni kwa abambo, koma kalatayi musawawerengere yonse, ndidzawauza ndekha sukulu ikatsekera. Moni kwa achemwali ndi ana awo. Moni wina ukuchokera kwa mdzukulu wanu, amene ndimati mudzamva za iye ukwati utatha. Anamwino akuti adzabadwa mu Disembala.

Ndine mwana wanu,
Susan.