Liwiro la Chilekwa

Lolemba, 3 Malichi

Chilekwa wayambanso. Pamiting'i ya m'mawa waimirira ndi kajekete kake kothina kaja, n'kumaonetsa pakhoma kuti bodi yathu ya kompyuta tsopano ikuthamanga, nthawi yodikira memori ati waidula pafupifupi theka. Abwana athu a Amin mpaka kuwomba m'manja. Ine ndinangoluma mano.

Ndikudziwa chimene wachita. Bodiyi ili ndi mapulosesa anayi, iliyonse ndi kashe yake, kosungirako zinthu pafupi kuti isamapite kutali ku memori yaikulu. Imodzi ikasintha nambala imauza zinzake kuti tayani yanuyo, yatha ntchito, kenako imadikira mpaka zonse ziyankhe kuti tataya. Gawo lodikiralo ndinalemba ndine chaka chatha. Iye wangolichotsa. Basi, nzeru zonse za mkulu wa ku Chipata n'zimenezo.

Ndamufunsa kuti nanga pulosesa ina ikawerenga nambala yakale uthenga usanaipeze? Wati, "Sisi Shalom, izo sizichitika, njira ni yaifupi." Sisi wake ndani?

Lachiwiri, 4 Malichi

Ndayesa tsiku lonse kuti ndiligwire vutoli, osatheka. Iye kudutsa kumbuyo kwanga akuimba mluzu. Makontilakiti athu, ine ndi iye, akutha mu Epulo, ndipo a Amin ananena kale kuti atsala ndi mmodzi. Pemiti yanga yokhalira kuno ku Joni ili pantchito yomweyi.

Lachitatu, 5 Malichi

Ndapita kwa a Amin. Ndawakumbutsa kuti bodiyi ikupita kumgodi, kukayendetsa lamba wonyamula miyala. Pulosesa imodzi ilembe kuti ima, ina yoyendetsa injini iwerenge zakale zoti pitiriza, dzanja la munthu lili mulamba. Sanadzutse n'komwe mutu pafoni. Ati, "Bweretsa umboni, osati nsanje."

Nsanje! Ine? Mutekisi yobwerera ku Ivory Park misozi inangotuluka yokha ndi ukali, mayi wina n'kundipatsa tishu poganiza kuti ndaferedwa.

Lachinayi, 6 Malichi

Ndaligwira! Ndinachititsa mapulosesa onse kulimbirana nambala imodzi osapuma, yachitatu n'kuwerenga yakale. Ndabwereza, zachitikanso. Sindinauze munthu. Mawa kukubwera anthu akumgodi kudzaona bodi, akaonere konko pamaso pa onse.

Achemwali a Mariya, uku akusita yunifolomu yawo, ati, "Umuuze mnzakoyo, naye ndi mlendo kuno ngati iwe." Ndawayankha kuti sindinabwere ku Joni kudzalera azibambo a ndevu zawo. Angopukusa mutu.

Lachisanu, 7 Malichi

Anabwera azibambo awiri ndi mayi mmodzi, iyeyo ndiye mkulu wawo. Chilekwa wayankhula bwino, izo ndisamunamizire. Itafika nthawi ya mafunso ndinaimika dzanja, ndati ndili ndi kayeso kakang'ono. Sipanatenge nthawi, mzere wofiira uwo pakhoma, pulosesa yawerenga zakale. Mayi uja wandifunsa kuti ndiye kuti lamba akhoza osaima? Ndati eya, nthawi zina. Atseka malaputopu awo, ngakhale tiyi sanamwe.

Chilekwa sanandiyang'ane ine. Amangoyang'ana a Amin, a Amin akuyang'ana pawindo. Ndamva kukoma, ndisaname. Ndagula nkhuku yootcha pobwerera.

Loweruka, 8 Malichi

Foni zii. Ndachapa, ndagona.

Lolemba, 10 Malichi

Amuchotsa. Ndakumana naye pamasitepe atanyamula katoni, makapu ndi zingwe zili m'menemo. Ndimafuna kungodutsa koma wanditsekera njira.

"Wakondwa?" Ndayesa kumulambalala. Wati, "Nenze nachiona kale pa Chitatu. Ninawauza a Amin, anakamba ati tionetse chabe, tizakonza akasaina." Ndamufunsa kuti nanga osandiuza ine bwanji? Waseka koipa. "Nikuuze iwe? Unanipatsako moni liti?" Ndamuuza kuti ndi wabodza, n'kukwera.

Masana a Amin andiitana, mawu okoma ngati sitinakanganepo. Ati pulojekiti ndi yako tsopano, akumgodi atipatsanso mpata. Koma ndiwaimbire mayi aja, ndiwauze kuti Chilekwa anabisa vutoli kwa tonse. Ndafunsa ngati ndibwezeretse kudikira kuja. Ati, "Liwiro lisatsike. Zinazo uona wekha."

Munthu amene vutoli sankalidziwa sangayankhule choncho. Ndiye kuti wa ku Chipata uja sananame. Eish.

Lachiwiri, 11 Malichi

Ndabwezeretsa kudikira, liwiro latsika monga ndimadziwira. Njira ilipo: bodi izikumbukira kuti nambala iliyonse ili m'makashe ati, uthenga uzipita kwa okhawo, osati kudikira onse. Koma zimenezi zikukhudza mbali imene analemba Chilekwa, ndipo analemba mopotoka ngati iye mwini. Ndekha sindingathe mwezi uno.

A Amin abwera padesiki, aika foni yawo patsogolo panga, nambala ya mayi wakumgodi ili poyera. Ati imba tsopano. Ndati zabodzazo sindinena. Awerama, mawu pansipansi, "Pemiti yako ukuikumbukira?" Anthu onse muofesi maso pamakompyuta, ngati sakumva. Nambalayo ndinali nditaiwerenga kale ndi kuisunga m'mutu.

Ndatenga chikwama, ndatuluka mpaka poimika magalimoto. Chilekwa ndimamudabe, kajekete kake, mluzu wake, zonse. Ndamuimbira, yangolira mpaka kuduka. Ndaimbanso.

"Ufuna chani?"

Ndati, "Utenge laputopu yako tikumane ku Park Station, bodi ija tiikonze limodzi. Nambala ya mayi wakumgodi ndili nayo, ukawauze wekha zimene unandiuza pamasitepe."

Kumbuyo kwake kukumveka mwana akulira. Kenako wati, "Nthawi yanji?"